Chipewa tidatenga, nyimbo tidaisiya

Pali kagolosale kena kuno ku Malindi, m'mbali mwa msewu wopita kwa Makanjira, kamene mwini wake ngati sadamvepo kuti padziko pano pali oimba ena kupatula Don Williams. Kuyambira m'mawa mpaka nthawi yotseka ndi yemweyo basi. Akafuna kusintha ndiwo amaika Jim Reeves kapena Kenny Rogers, kenaka n'kubwereranso kwa mkulu wake uja. Tsiku lina ndikutenga sopo ndidamufunsa kuti, "Kodi achimwene, zimene akunena azunguwa mumazimva?" Adandiyang'ana ngati ndamufunsa ngati m'nyanja muli madzi.

"Kumva kwake n'kotani? Izi ndi nyimbo za makauboyi, anthu a ng'ombe. Ukamamvera mtima umakhala m'malo."

Sindidatsutse, paja wotenga katundu pa ngongole sakangana ndi mwini sitolo. Koma mawu aja adanditsata mpaka kunyumba. Don Williams adabadwira ku Texas m'chaka cha 1939 ndipo adamwalira mu 2017. Mawu ake ozizira aja inenso ndimawakonda, ndipo sindidabwa kuti atafika ku Harare mu 1997 anthu adamulandira ngati mwana wakwawo. Koma pamene iye ankabadwa n'kuti patapita kale zaka pafupifupi 50 chithereni ntchito yoperekeza ng'ombe pa maulendo aatali. Chipewa adavala, inde, koma fumbi la ng'ombe 3,000 sadalimeze. Nyimbo za anthu amene adameza fumbilo zilipo, ndipo masabata apitawa ndakhala ndikuziwerenga m'buku la John Lomax lotchedwa Cowboy Songs and Other Frontier Ballads, lomwe lidatuluka mu 1910. N'lakale kwambiri moti aliyense angathe kuliwerenga ulere pa intaneti, bola bandulo ikhalepo. Ndatuluka m'bukuli ndi maganizo akuti ife a kunyanja tidatenga chipewa cha kauboyi n'kusiya nyimbo yake, chikhalirecho nyimboyo ili ndi mbale wake weniweni pa doko lathu lomweli, mbale amene tikumulekerera kuti afe tisadamufunse ndi dzina lomwe.

Tiyambe ndi ntchito yeniyeniyo, chifukwa nyimbo ya ntchito sungaimvetse usadadziwe ntchito yake. Nkhondo yapachiweniweni ya ku America itatha mu 1865, ku Texas kudali ng'ombe zankhaninkhani za nyanga zitalizitali, zongoyendayenda m'tchire, zosowa wogula. Ng'ombe imene kumeneko inkapita pa madola 4, m'mizinda ya kumpoto inkafika madola 40. Chovuta chidali chakuti njanji idali kutali. Mu 1867 wamalonda wina, Joseph McCoy, adamanga makola pafupi ndi njanji m'katauni ka Abilene, m'chigawo cha Kansas, ndipo chaka chomwecho ng'ombe pafupifupi 35,000 zidafika kumeneko. Njira yotchuka yofikira ku Abilene idatchedwa Chisholm Trail, potengera dzina la Jesse Chisholm. Mkuluyu sadali woperekeza ng'ombe ayi. Ankangodutsamo ndi ngolo za katundu wa malonda, ndipo adamwalira mu 1868 njirayo isadatchuke n'komwe. Mwaonatu amangwetu, ngakhale dzina la njira lidagwera wamalonda, osati wantchito.

Gulu limodzi linkakhala la anthu 10 kapena 12, kuphatikizapo kapitawo, wophika, ndi kamnyamata kosamala akavalo. Anthu ochepawa ankayendetsa ng'ombe 2,500 kapena 3,000 mtunda woposa makilomita 1,000, ngati kuchoka ku Nsanje kukafika ku Chitipa. Patsiku ankayenda makilomita 20 okha kapena kuposerapo pang'ono, chifukwa ng'ombe ukaithamangitsa imaonda, ndipo yowonda ilibe mtengo. Ulendo unkatenga miyezi iwiri kapena itatu. Malipiro adali pakati pa madola 25 ndi 40 pamwezi, kutanthauza kuti thukuta la mwezi wathunthu linkalingana ndi mtengo wa ng'ombe imodzi mwa zikwi zimene munthuyo ankalondera. Ambiri adali anyamata osauka. Akatswiri ena a mbiri yakale amawerengera kuti mwa anayi alionse mmodzi adali munthu wakuda, ambiri mwa iwo ongomasulidwa kumene ku ukapolo, ndipo luso lenileni la chingwe ndi kavalo lidachokera kwa abusa a ku Mexico. Ntchito yonseyi sidakhalitse. Njanji idafika ku Texas, alimi adatchinga minda ndi waya waminga yemwe Joseph Glidden adalembetsa mu 1874, ndipo mu 1885 boma la Kansas lidatsekera ng'ombe za ku Texas poopa matenda a nkhupakupa. Zaka 20 zokha, basi, nkhani n'kutha.

Tsono kuimba kunkabwera pati? Kunkabwera usiku. Ng'ombe zikagona, anthu awiri ankazungulira gululo pa akavalo, wina kulowera uku wina uku, maola awiri, kenaka n'kudzutsa anzawo. Chimene ankaopa kwambiri ndi chipwirikiti. Mphezi, kuthyoka kwa kamtengo, ngakhale kuyetsemula kwa kavalo, zinkatha kudzidzimutsa ng'ombe zonse nthawi imodzi n'kuyamba liwiro la mtondo wadooka mumdima, ndipo amene kavalo wake wapunthwa kutsogolo kwake ankakwiriridwa m'mawa mwake pompo. Mlonda ankaimba motsitsa kuti ng'ombe zizolowere mawu a munthu, kuti phokoso ladzidzidzi lisamveke pa lokha, kuti mnzake adziwe pomwe iye ali, ndiponso kuti tulo tisamube. Gitala padalibe. Ungaimbe bwanji gitala dzanja lina lili pa chingwe cha kavalo? Nyimboyo inkayenda pa liwiro la phazi la kavalo wotopa, ndipo omvera ake oyamba adali ng'ombe.

Ndikunena mosapsatira kuti monga ndakatulo, zambiri mwa nyimbo za m'buku la Lomax n'zofooka. Muli misozi yambiri yolirira mayi wosiyidwa kumudzi, muli anamwali osakhulupirika ofanana onse ngati adabadwa tsiku limodzi, ndipo muli chipongwe chonyansa kwa eni nthaka amene njirayo inkadutsa m'dziko lawo. Maimbidwe ambiri ndi obwereka ku nyimbo zakale za ku Ireland ndi England, ena ku nyimbo za m'tchalitchi. Koma pakati pa mankhusuwa pali maso a chimanga, ndipo nyimbo zolimba zonse zili ndi khalidwe limodzi: zimawerenga. Zimawerenga ndalama, masiku, nyemba za tsiku ndi tsiku, mvula, ndi jekete lobooka. Nyimbo yotchedwa The Old Chisholm Trail ilibe mutu weniweni kapena mathero, aliyense ankangosokererapo ndime yake monga momwe timachitira ndi nyimbo ya pamtondo. Koma ndime imene imandikhudza ndi ya wantchito amene wafika kumapeto a ulendo, wapita kukalandira zake, bwana n'kutsegula kabuku n'kumuwerengera mpaka wopezeka ndi ngongole ndi wantchitoyo. Amene adagwirapo ntchito pa esiteti ya fodya ngati tenanti safunika womumasulira ndime imeneyi.

Ina ndi Little Joe the Wrangler, ya kamnyamata kothawa nkhanza za mayi wopeza, kamene kadalembedwa ntchito yosamala akavalo, n'kufa usiku wa chipwirikiti kakuyesa kutsekereza ng'ombe za munthu wina. Nyimboyi siilalikira. Imangotiuza momwe mwanayo adaonekera pofika, ndi nsapato zakutha ndi chishalo chachikalekale, ndi momwe adamupezera kutacha. Chisoni chonse chili m'zinthu zimene adavala. Alakatuli athu amene amaganiza kuti chisoni ndi kubwereza mawu akuti kalanga ine kasanu angaphunzirepo kanthu.

Koma apa ndi pomwe nkhani ya osonkhanitsa nyimbo iyambira, ndipo ndi pomwe bukuli limandikwiyitsa. Little Joe the Wrangler idapekedwa ndi Jack Thorp, munthu amene adagwiradi ntchito ya ng'ombe, amenenso adayamba kulemba nyimbo za anzake mu 1889 atamva makauboyi akuda akuimba pa msasa wawo. Mu 1908 adasindikiza ndi ndalama zake kabuku ka nyimbo 23 ku Estancia, m'chigawo cha New Mexico. Patapita zaka ziwiri, nyimbo yake ija idapezeka m'buku la Lomax yopanda dzina la mwini, ngati kuti idangomera yokha m'tchire. Lomax adali munthu wa ku yunivesite, buku lake lidatuluka ndi kalata yoliyamikira ya Theodore Roosevelt, mtsogoleri wakale wa dzikolo, ndipo ndi iye amene adatchuka. M'mawu oyamba a bukulo amavomera yekha kuti m'malo ena adalumikiza mizere ya oimba osiyanasiyana posankha yomwe idamukomera, ndi kuti mawu ena akuthwa adawafewetsa. Amamuyerekezanso kauboyi ndi ankhondo olemekezeka a m'nthano zakale za ku England. Wantchito wa madola 30 uja adalowa m'buku atasambitsidwa, atametedwa, atavekedwa ulemu umene bwana wake sadampatseko ali moyo.

Nyimbo yodziwika ya Home on the Range, yomwe mu 1947 idasanduka nyimbo ya chigawo cha Kansas, Lomax adati adaijambula kwa munthu wakuda wa ku San Antonio amene kale adali wophika pa maulendo a ng'ombe. Dzina la munthuyo m'bukumo mulibe. Goodbye Old Paint timadziwa kuti idadzera mwa Charley Willis, kauboyi wakuda wobadwira mu ukapolo, kokha chifukwa Jess Morris, amene adaiphunzira kwa iye, sadaleke kutchula mphunzitsi wake pamene nyimboyo inkajambulidwa mu 1942. Nanga Streets of Laredo? Imene anthu amaimba lero ndi ya mnyamata wofa ndi chipolopolo. Akatswiri ambiri amati kholo lake ndi nyimbo yakale ya kutsidya kwa nyanja ya Atlantic, momwe mnyamatayo akufa ndi nthenda yotengera kwa akazi. Chipolopolo n'cholemekezeka, chindoko ayi. Nyimbo zolaula zimene amuna okhaokha ankaimba pamoto zidadikira mpaka 1989, pamene Guy Logsdon adazisindikiza osachotsa kanthu, eni ake onse atagona kale.

Osambitsa atamaliza, adabwera ogulitsa. M'zaka za m'ma 1930 makampani a kanema adatulukira kauboyi woimba, wa malaya opanda banga, gitala pachifuwa, kavalo wonyezimira. Gene Autry, amene adatchuka nazo zimenezi, asadayambe kuimba ankagwira ntchito yotumiza matelegalamu ku kampani ya njanji. Ameneyu ndiye kauboyi amene adafika kwathu kuno. Adafika kudzera m'makomboni a migodi ku Joni, ku Wankie ndi ku Copperbelt, komwe mabwana ankaonetsa antchito mafilimu a makauboyi poganiza kuti ndi osaopsa. Mayi wina wofufuza za chikhalidwe, Hortense Powdermaker, amene adakhala ku Luanshya mu 1953 ndi 1954, adalemba kuti oonerera ankamutcha kauboyi aliyense wopambana kuti Jack, ndipo ana ankasewera za Jack m'misewu ya komboni. Azigogo athu adabwera kuchokera ku Wenela ndi chipewa chachikulu, lamba wa chitsulo chonyezimira, galamafoni ndi mbale zake. Kenaka Jim Reeves adayendera South Africa mu 1962, n'kuseweranso mufilimu ya kumeneko yotchedwa Kimberley Jim, ndipo atafa pa ngozi ya ndege mu 1964, chaka chomwe tidalandira ufulu, wailesi idamusunga wamoyo m'nyumba zathu mpaka lero. Zonsezi n'zokoma. Koma ndi chikomekome cha mkuyu chotembenuza: ife tidalandira khungu lofiira lokhalokha, nyerere zam'kati, zomwe ndiye zidali nkhani yeniyeni, zidatsala ku Texas.

Nanga mbale wa nyimbo zenizeni zija kwathu kuno ndani? Yankho lachangu ndi lakuti ndi mbusa wa ng'ombe wa ku Mzimba, ku Ntcheu kapena ku Chikwawa, ndi mluzu wake, chitoliro chake ndi ng'ombe zake zadothi. Ndidayamba ndaganiza choncho inenso. Koma mbusa wa kwathu amatsekula khola m'mawa n'kulitseka madzulo, amagona kwawo, ndipo kawirikawiri ng'ombezo ndi za bambo ake kapena amalume ake. Nyimbo ya m'njira ya Chisholm ndi ya munthu wolembedwa ganyu, ali kutali ndi kwawo, ali maso usiku pamene ena agona, akulondera chuma chimene sichidzakhala chake, pamalo pomwe kulakwitsa kamodzi ndi imfa. Muwerengenso mawu amenewa mutaima pa gombe la Malindi dzuwa likulowa kuseri kwa mapiri a tsidya lija, maboti a usipa akunyamuka. Mbale uja ndi ameneyo.

Onani kufanana kwake. Boti, injini ndi chilimira ndi za munthu mmodzi, amene nthawi zambiri amagona kunyumba. Olowa m'madzi ndi anyamata pafupifupi khumi. Pali siginala, katswiri wa nyali amene amakhala yekha m'bwato kuitana usipa ndi kuwala, monga mlonda uja ankagonekera ng'ombe ndi mawu. Pali kamnyamata kokapa madzi, Little Joe wathu, kamene sukulu kadaisiyira pa Sitandade 4. Amagwira ntchito mwezi ukakhala mumdima. Amasamuka kutsata nsomba, kwa Makanjira, ku Msaka, ku Chembe, ena ochokera kutali ku Nkhata Bay ndi ku Karonga, miyezi osaona kwawo. Chipwirikiti chawo ndi mwera, umene m'miyezi yozizira umadzuka osagogoda. Ndipo kukacha, pa doko pamakhala kabuku: achotse za mafuta, achotse za mabatire, achotse za ufa ndi fodya wa dzana, mwini atenge gawo lake, zotsalazo agawane anthu khumi. Ndalama ikagwa m'manja imathera komwe ya makauboyi inkathera akafika ku Abilene. Sindikufuna kutchula malo ake, nonse mukuwadziwa.

Anthu otere sangalephere kukhala ndi nyimbo, ndipo adali nazo: zopalasira bwato, zokokera khoka, zodikirira usiku. Mwezi wathawu ndidapita kwa mkulu wina amene adapalasa nkhafi zaka zambiri maboti a injini asadachuluke. Ndidampeza akusoka ukonde pansi pa mtengo wa mango, akazi awo akusankha mpunga chapafupi.

"Ambuje, ndabwera kuti mundiimbireko nyimbo za m'bwato. Ndikufuna ndizilembe."

"Uzilembe upite nazo kuti, mwanangu?"

"Ku nyuzipepala."

Adaseka mpaka kutsokomola. "Nyimbo ya nkhafi siimbidwa munthu atakhala pansi ngati ali pa maliro. Imafuna phewa. Ndiponso," apa adatsitsa mawu n'kuloza ndi mlomo komwe kudali akazi awo, "zinazo si za pakhomo."

Tidachoka n'kukakhala m'bwato lakutha lomwe lili pamchenga, iwo atagwira nkhafi yothyoka. Atangoyamba kukankha mchenga ndi nkhafiyo, nyimbo idabwera yokha, ndipo ndidamva chimene sindikadachiona papepala. Mzere uliwonse umathera pomwe nkhafi ikutuluka m'madzi. Woyambitsa amaponya mawu pokweza mkono, ovomera amayankha pokoka, ndipo kampata kopumira kali pomwe chifuwa chimafuna mpweya. Adandiuza kuti mwera ukayamba nyimbo inkafupika, mawu ankachepa mpaka kutsala awiri kapena atatu, chifukwa munthu amene akulimbana ndi mafunde alibe mpweya wotayira pa ndakatulo. Ndidakumbuka nyimbo ya mlonda wa ng'ombe yoyenda ndi phazi la kavalo. Kumeneko muyeso wa ndakatulo udali kavalo, kuno ndi phewa.

Mawu ake sindiwalemba pano, chifukwa eni ake sadandilole ndipo mkonzi wa tsamba lino sangawalole. Ndingonena zomwe zilimo. Muli mwini khoka amene ndowa yake yoyezera imakula usiku. Muli mayi wogula nsomba amene salipira ndi ndalama zokha, ndi zomwe zidatsatira pamene matenda aja adafika pa madoko n'kuyamba kutola anyamata mmodzimmodzi. Muli munthu womira amene amatchulidwa dzina lake lenileni ndi mudzi wake, kuti ngakhale mtembo sudapezeke, dzinalo lizipalasa nawo. Muli kutukwana mwera ngati munthu, kenaka n'kuupepesa. Chichewa, Chiyao ndi Chitonga zimasinthana mu mzere umodzi popanda kupempha chilolezo kwa bungwe lililonse loona za chiyankhulo. Ndipo monga nyimbo zolimba za m'buku la Lomax, izinso zimawerenga: ndowa zingati, masiku angati, anthu angati adapita, angati adabwera.

Ndidafunsa ngati anyamata a lero amaziimba. "Aimbe bwanji? Injini ikulira iwe ungamve mnzako? Ndiye aliyense ali ndi foni m'thumba la pulasitiki, nyimbo zake zili momwemo." Sadanene modandaula. Iwo eni adati injini idapulumutsa mapewa ndi miyoyo, ndipo sangafune mdzukulu wawo apalase mtunda umene iwo adapalasa. Pamenepa ndikugwirizana nawo. Sindili m'gulu la alembi okhala m'tauni amene amafuna anthu akumudzi azivutika kuti iwo apeze cholemba. Waya waminga ndi njanji zidathetsa maulendo a ng'ombe, injini ikuthetsa nkhafi pa maulendo aatali, ndipo chambo chimene chinkakokedwa ndi nyimbo chidayamba kale kusowa, monga tidaonera ku nyanja ya Malombe kumayambiriro a zaka za m'ma 1990. Nyimbo ya ntchito imafa ndi ntchito yake. Chimene ndikukana ndi chakuti ikamafa, tiisambitse kaye monga adachitira Lomax, kenaka tiiveke chipewa monga adachitira a kanema.

Ndipo kusambitsako tidakuyamba kale, ndife akatswiri. Kuyambira 1968, pamene lamulo lounika mabuku ndi zisangalalo lidakhazikitsidwa, mpaka kusintha kwa ndale mu 1993 ndi 1994, dziko lino lidaphunzira kuti nyimbo ya makolo yabwino ndi yotamanda. Ulamuliro uja udapita koma chizolowezi chidatsala, changosintha bwana. Chaka chatha ndidaitanidwa kukakhala mmodzi mwa oweruza pa mpikisano wina wa magule m'boma lino. Gulu lina lidalowa ndi nkhafi zopaka penti, malaya ofanana, n'kuimba nyimbo yomwe maimbidwe ake adali a m'bwato ndithu, koma mawu ake adali olangiza anthu kusamba m'manja ndi kuthokoza bungwe lomwe lidagula malayawo. Kusamba m'manja n'kwabwino, inenso ndimasamba. Koma mwini khoka wa ndowa yokula usiku uja adapita kuti? Womira uja adapita kuti? Nditapereka mamalikisi ochepa, woweruza mnzanga adandinong'oneza kuti, "Akulu, musaiwale amene watipatsa thiransipoti." Gululo lidapambana.

Ena adzati nanga si zidajambulidwa kale? Zoona, Hugh Tracey adayenda m'dziko muno ndi makina ake mu 1950 ndi 1958, ndipo zomwe adajambula zikusungidwa ku International Library of African Music, ku yunivesite ya Rhodes ku South Africa. Tiyenera kumuyamikira kuti, mosiyana ndi Lomax wa 1910, kawirikawiri ankalemba dzina la woimba ndi malo. Gerhard Kubik atakumana ndi Daniel ndi Donald Kachamba mu 1967 sadawasandutse anthu opanda dzina, ndipo ntchito idapitirira m'manja mwa Moya Malamusi kwa Singano ku Chileka. Njira yabwino ilipo, idaonetsedwa. Koma mlendo wobwera ndi galimoto masana, mfumu ndi mtanthauziri ali pambali, amamva nyimbo za masana. Za usiku, za pakati pa nyanja, zimafuna munthu wa pompano, wodziwa ziyankhulo zitatu zija, amene angakhale m'bwato lakutha mpaka mkulu ataiwala kuti pali wolemba. Foni iliyonse lero ili ndi chojambulira mawu choposa makina onse amene Lomax adanyamula. Tikuzigwiritsa ntchito kujambula maukwati.

Mnzanga wa kagolosale uja ndisamulakwire. Kubwereka si tchimo, ndipo nyimbo imodzi sachezera gule. Kuno ku Mangochi beni adatenga yunifolomu ndi perete wa asilikali a atsamunda n'kuzisandutsa gule wathuwathu, woseka eni ake omwe. Banjo idachoka ku Africa ndi akapolo, idakafika mpaka m'misasa ya makauboyi, idabwerera kuno, ndipo anyamata athu adaipanga ndi chigubu cha mafuta ndi waya wa buleki. Allan Namoko, wosaona wa ku Thyolo uja amene adatisiya mu 1995, adaiimba mpaka palibe amene angati ndi ya mzungu. Ku Kenya, Tracey yemweyo mu 1950 adajambula anthu a mtundu wa Kipsigis akuimba za Chemirocha, amene adali Jimmie Rodgers wa pa galamafoni atamusandutsa cholengedwa cha m'nthano zawo. Kumeneko ndiye kubwereka: kutenga chinthu n'kuchigwiritsa ntchito yako. Ndipo ndikuganiza kuti ndikudziwa chifukwa chimene nyimbo za country zidakhazikikira m'dziko la machona ngati lino, momwe mpaka lero anyamata a ku Mangochi akukwera mabasi a ku Joni. Zimanena za munthu amene ali kutali ndi kwawo. Kafungo ka msasa wa ng'ombe kadatsalamo ndithu, ngakhale adachapa ndi sopo wambiri. Chimene chidachotsedwamo ndi kabuku ka bwana, ndipo nyimbo ya kutali ndi kwawo yopanda kabuku ka bwana imangotonthoza, siifunsa kuti munthuyo adachokeranji kwawo. Mtima umakhaladi m'malo. Mwina n'chifukwa chake eni maboti amaikonda chimodzimodzi ndi antchito awo.

Ndidabwereranso kwa ambuje aja Lachisanu lapitali, nditanyamula shuga ndi foni yodzaza moto. Tidagwirizana zitatu: dzina lawo lidzalembedwa pamwamba pa nyimbo iliyonse, palibe liwu lidzasinthidwe, ndipo zija za kutali ndi pakhomo zidzatuluka iwo akadzapita, akazi awonso akadzapita. Adaimba zisanu ndi imodzi. Pa yachisanu ndi chiwiri adaima pakati, nkhafi ili m'mwamba, n'kunena kuti ndime yotsatira ankaidziwa ndi mnzawo wina amene ankakhala kumbuyo kwa bwato, iwo ntchito yawo idali kuvomera chabe. Mnzawoyo adamwalira chaka cha Namondwe Freddy, mu 2023. Tidakhala chete kanthawi. Kumtunda, cha kumsewu, Don Williams adali atayamba kale.